NDEMANGA YATHU: CAKUDZA ICI CIMAIMBA NG'OMA

Mvula ya mu Lusaka siisankha pogwera. Mtambo umene ukhuthula madzi pa Kabulonga ndi pa Woodlands ndi womwewo umene ukhuthulanso pa Kanyama, pa Chawama ndi pa Misisi, ndipo mtunda wa pakati pa malo amenewa munthu angauyende pa njinga asanatope. Koma pakapita milungu itatu kapena inai, kwina anthu ali kuchecha kapinga wa pabwalo amene wakula msanga, pamene kwinaku ali kukankha odwala pa wilibala kupita nao ku kiliniki, madzi ali m'maondo.

Makolo athu anati cakudza siciimba ng'oma. Pa zinthu zambiri mau amenewa ndi oona. Koma pa nkhani ya kolera mu mzinda wathu waukulu sitingabisale kumbuyo kwa mwambi umenewu, pakuti matendawa akhala ali kuimba ng'oma yao kwa zaka zambiri, ndipo alipo anthu ophunzira amene anakhala pansi nalemba kaimbidwe kace konse: mwezi umene imayambira kulira, makomboni amene imamvekera, ndi mtundu wa nyumba zimene imalowa. Zimene anapeza anthu amenewa ndizo tifuna kuika pamaso pa awerengi athu sabata ino, cifukwa ambiri a iwo amene nkhaniyi iwakhudza sanauzidwepo konse.

Tiyambe takumbutsana kumene tacokera. Kolera anaoneka koyamba m'dziko muno mu 1977. Mu 1991 odwala anaposa 13,000. Kuyambira mu Novembala 2003 kufikira mu Juni 2004, mu Lusaka mokha munadwala anthu 6,542, ndipo 187 anamwalira. Mu Okutobala 2017 matendawa anabukanso, kuyambira ku komboni ya Chipata ndi ku Kanyama; pofika mu Meyi 2018 dziko lonse linawerenga odwala 5,905, ndipo 5,414 mwa iwo anali a mu Lusaka. Ndipo palibe mmodzi wa ife amene waiwala dzinja la 2023 ndi 2024, pamene odwala anapitirira 20,000, omwalira anapitirira 700, zigawo zonse 10 za dziko zinakhudzidwa, ana a sukulu anakhala pakhomo kufikira pa 12 Febuluwale, ndipo bwalo la mpira la National Heroes linasandulika cipatala ca mabedi oboola pakati.

Munthu akayang'ana zaka zimenezi pamodzi aona cinthu cimodzi msanga. Maina a malo sasintha. Ndi Kanyama, Chawama, George, Matero, Chipata, Misisi, John Laing. Mwana amene anapulumuka ku George mu 2004 lero ndi kholo, ndipo mu 2024 anali kuopera ana ace matenda omwewo, m'komboni yomweyo.

Tsono nanga ofufuza anapezanji?

Mliri wa 2003 ndi 2004 utatha, katswiri wa ku Japan, a Satoshi Sasaki, pamodzi ndi anzao ndiponso akulu a za umoyo a m'boma la Lusaka, anacita nchito yofuna kudekha. Anatenga komboni imodzi, naika pa mapu nyumba iriyonse imene munaturuka wodwala. Pa mapu omwewo anaikanso zimbudzi ndi ngalande. Atatero cithunzi cinaoneka poyera: matenda anaunjikana kumene nyumba zinalibe cimbudzi ndi kumene kunalibe ngalande zocotsa madzi a mvula. M'kati mwa komboni imodzi, pakati pa anthu osauka mofanana, mbali ina inapulumukako ndipo mbali ina inagwa m'mabvuto. Anapezanso kuti mabanja amene anali kuthira klorini m'madzi akumwa ndi kusamba m'manja ndi sopo anachinjirizika koposa anzao. Zimenezi zinasindikizidwa mu 2008. Mu 2009 gulu lomwelo linasindikiza zina zokhudza mzinda wonse, ndipo yankho linali limodzimodzi: mvula ikaculuka matenda abuka, ndipo abuka kwambiri kumene ngalande ziri zoperewera.

Gulu lina la ofufuza, pa mliri womwewo, linafunsa odwala ndi anansi ao osadwala za cimene anadya ndi kumwa. Linapeza kuti kudya ndiwo zamasamba zosaphika kunaonjezera ngozi, ndipo kukhala ndi sopo pa nyumba kunaicepetsa. Linapezanso cinthu cimene cinadabwitsa ambiri, cakuti anthu amene anali kudya kapenta kawiri-kawiri sanadwale monga anzao. Tisafulumire kunena kuti kapenta ndi mankhwala a kolera, ofufuzawo sanatero. Ife m'kuganiza kwathu tiona kuti nyumba imene ikhoza kugula kapenta ndi sopo ndiyo nyumba imene muli kandalama pang'ono, ndipo kandalama kameneko ndiko kamagulanso makala owiritsira madzi. Mai amene ayenera kusankha pakati pa kugula pamela wa ufa ndi kugula kabotolo ka Clorin sasowa nzeru. Asowa ndalama.

Mu 2009 momwemo ofufuza ena anayerekeza ciwerengero ca odwala a mu Lusaka, kuyambira 2003 kufikira 2006, ndi zolembedwa za nyengo. Anapeza kuti kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, pakapita milungu 6 odwala amaonjezeka ndi 5 pa 100 alionse. Ndipo mvula ikaonjezeka ndi mamilimita 50, pakapita milungu 3 odwala amaonjezekanso. Taganizirani tanthauzo lace. Anthu a ku ofesi ya za nyengo, amene amayeza kutentha ndi mvula tsiku ndi tsiku, ali ndi cenjezo m'manja mwao mwezi wathunthu wodwala woyamba asanafike pa kiliniki. Milungu 6 ndi nthawi yokwanira kufikitsa klorini ku zitsime, kuika matanki a madzi, kukonza mahema a odwala ndi kukumbutsa anthu. Iyi ndiyo ng'oma tanena ija.

Kuti timvetse cifukwa cace ngalande ndi cimbudzi ziri ndi mphamvu yotere mu Lusaka, tiyenera kuyang'ana pansi pa nthaka. Mbali yaikulu ya mzinda uno, maka-maka kumadzulo ndi kumwera, yakhala pa mwala wa laimu. Mwala umenewu uli ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi amayenda m'menemo monga m'mipaipi, osasefedwa ndi dothi. Dziko lace ndi lathyathyathya, madzi a pansi ali pafupi. Ku Kanyama munthu akakumba cimbudzi amakumana ndi mwala asanapite patali, cotero dzenje likhala losaya. Mnansi wace, amene atopa ndi mzere wa pa mpopi, akumba citsime pa mtunda wa mapazi owerengeka. M'cilimwe ziwirizi zikhala ngati ziri zosiyana. Mvula ikabwera madzi a pansi akwera, cimbudzi cisefukira, ndipo za m'dzenje zikumana ndi za m'citsime pansi pa nthaka pomwepo, ngakhale pamwamba pakhale posesedwa bwino. Madzi ace aturuka oyera m'maso. Palibe mai angawayang'ane ndi kudziwa kuti muli imfa.

Mu mzinda uno nyumba pafupi-fupi 9 pa 10 zirizonse sizinalumikizidwe ku mipaipi ya zonyansa. Zidalira zimbudzi zokumba kapena matanki a pansi. Ndipo anthu pafupi-fupi 7 pa 10 alionse akhala m'makomboni. Sitiri kunena za kagulu kocepa ka anthu a kumbali. Tiri kunena za Lusaka mwini wace, amene pa kalembera wa 2022 anapezeka ndi anthu oposa 2 miliyoni.

Ena amafunsa monyoza kuti, nanga anawatuma ndani kukamanga m'madambo? Funso limeneli liyankhidwa ndi mbiri. Pamene atsamunda anasamutsa likulu kucoka ku Livingstone kudza kuno mu 1935, anajambula mzinda wa mitengo ndi misewu yotakata pa mtunda pouma, wokhalamo iwo okha. Munthu wakuda anali kuloledwa m'tauni ngati wanchito cabe, ndipo nyumba yace inali kutha tsiku limene nchito yatha. Amene analibe malo anamanga pa mapulazi a azungu ndi pafupi ndi migodi ya miyala, kumene madzi amaima. Maina monga John Laing, John Howard ndi George ali kucitira umboni kufikira lero za eni malo ndi eni nchito a masiku aja. Ufulu utabwera mu 1964 anthu anathamangira ku tauni ambiri-mbiri, ndipo malo otsala anali omwewo a m'madzi. Boma linayesetsa: lamulo la 1974 linabvomereza makomboni kuti akonzedwe m'malo mogwetsedwa, ndipo ndi thandizo la Banki ya Dziko Lonse mipopi, misewu ndi masukulu zinalowa ku George, ku Chawama ndi kwina. Koma anthu anaculuka kuposa mipopi, ndipo nkhani ya zimbudzi ndi ngalande inatsalira m'mbuyo. Akulu-akulu akumbukira cigumula ca ku Kanyama ca mu 1978, cimene cinagwetsa nyumba zambiri. Adzukulu a anthu amene anathawa madzi caka cimeneco ali kuthawabe madzi pa malo omwewo.

Ici ndico cimene ophunzira amatanthauza akamanena kuti umoyo wa anthu a mu mzinda umodzi sulingana. Tsoka lingabwere kucokera kumwamba, koma kukula kwace kumapangidwa pansi pano, zaka zambiri lisanafike, ndi anthu amene anasankha kumene mpaipi udzapita ndi kumene sudzapita. Ndipo akamanena za kulimba kwa mudzi pa nthawi ya tsoka, sanena za kupirira kwa mtima. Kupirira anthu a ku Kanyama ali nako kokwanira, mwina koposa muyezo. Anena za zinthu zooneka ndi maso: kodi madzi abwino ali pa mtunda wotani, kodi ngalande ifika kuti, kodi ambulansi ingalowe usiku mvula itagwa, kodi m'nyumba muli paketi ya Madzi a Moyo, kodi pali munthu wa pafupi amene anthu amkhulupirira akanena kuti, tiyeni naye ku cipatala tsopano lino.

Mfundo yotsirizayi tiimepo pang'ono, cifukwa ndi pamene mitima yathu iwawa koposa. Kolera ndi matenda ocizika. Amapha mwa kutha madzi m'thupi, ndipo angathe kugwetsa munthu wamphamvu m'maola owerengeka. Koma wodwala akalandira madzi a mcere ndi shuga msanga, ndi dripi ngati wafooka, madokotala amati omwalira sayenera kufika ngakhale mmodzi pa 100. Mu mliri wa 2017 ndi 2018 mu Lusaka munamwalira anthu 98, ndipo oposa theka la iwo anafera kunja kwa malo ocizira. Mu 2024 zinabwerezanso: ambiri anatsirizikira pa nyumba kapena pa njira. Anthu amenewa sanaphedwe ndi kusowa kwa mankhwala m'dziko. Anaphedwa ndi maola amene anatayika pakati pa kutsegula m'mimba koyamba ndi cipata ca kiliniki.

Maola amenewo amatayika bwanji? Matenda ayamba pakati pa usiku, njira iri m'madzi, ndipo palibe wa galimoto amene afuna kunyamula munthu wosanza. Banja liopa manyazi, pakuti tazolowera kunena kuti kolera ndi matenda a anthu auve. Ena aopa kuti wodwala akalowa m'hema sadzamuonanso, ndipo akafa sadzaloledwa kumsambitsa ndi kumlira monga mwa mwambo. Mphekesera zotere zinamveka kwambiri mu Januwale 2024, pamene abale anali kuima kunja kwa bwalo la Heroes kufuna mbiri ya odwala ao. Mantha amenewa sathetsedwa ndi cikalata ca m'Cingerezi copacikidwa pa khoma. Amathetsedwa ndi munthu wodziwika, mai wa m'komiti ya umoyo ya m'dera, mkulu wa chalichi, mphunzitsi, amene anauzidwa zoona pasadakhale ndipo ali ndi pamwera madzi a mcere pafupi ndi msika wa kwao.

Ndipo popeza tachula madzi amenewa, tibwereze kapangidwe kace, pakuti angapulumutse munthu usiku uno: lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, timasupuni 6 ta shuga tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mcere. Wodwala amwe pang'ono-pang'ono kosalekeza, ali pa ulendo wa ku cipatala. Asadikire kuti kuce.

Tsono tiyeni tione mmene takhala tiri kucitira ng'oma ikalira. Sitikana kuti Boma limagwira nchito yaikulu mliri ukabuka. Kumapeto kwa 2017 asilikali anatumidwa kuyeretsa misewu, misika inatsekedwa, ogulitsa m'mbali mwa njira anacotsedwa, zitsime zosaya zinakwiriridwa, matanki a madzi anaimikidwa m'makomboni, ndipo mu Januwale 2018 anthu a ku Kanyama analetsedwa kuyenda usiku. Mzinda unayera, inde. Koma mwezi womwewo ku Kanyama kunabuka cipolowe, cifukwa munthu amene adya za tsiku lomwelo ukamtsekera msika wamtsekera mphika. Ndipo mliri utatha, matanki ena anauma, ogulitsa anabwerera, ndi zitsime zatsopano zinakumbidwa pambali pa zakale. Munthu sakumba citsime ca matenda cifukwa ca mwano. Akumba cifukwa mpopi uli kutali, madzi ace ndi ogula, ndipo aturuka maola owerengeka. Kukwirira citsime osabweretsa mpaipi ndi kucotsa mwana ku bere osampatsa phala.

Anchito a za umoyo amene anagona m'mahema milungu yambiri mu 2018 ndi mu 2024 ayenera ulemu wa dziko lonse, ndipo tiwapatsa. Cimene tidandaula ndi cakuti mphamvu zathu, ndalama zathu ndi misonkhano yathu zimadzuka mu Januwale, pamene ofufuza anatisonyeza kale kuti nkhondo imeneyi imapambanidwa kapena kulephereka pakati pa Meyi ndi Okutobala, nthaka iri youma, pamene ngalande ingakumbike ndi cimbudzi cingapopedwe.

Tisanene ngati palibe cimene cinatheka. Zitsanzo zabwino ziripo, ndipo nazonso zinayesedwa ndi ofufuza. Mu Epulo 2016, matenda atayamba kufalikira, Unduna wa za Umoyo pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anapereka katemera wakumwa kwa anthu oposa 420,000 m'makomboni a Lusaka. Katemera anali wocepa, cotero anasankha kupatsa munthu aliyense kamodzi m'malo mwa kawiri. Ofufuza atalondola zotsatira anapeza kuti kumwa kamodziko kunachinjiriza pafupi-fupi anthu 9 pa 10 m'miyezi yoyamba. Nzeru imeneyi, imene inayesedwa pa anthu athu, inathandiza dziko lonse la pansi, pakuti mu Okutobala 2022, katemera atapereweratu, mabungwe oyang'anira nkhokwe yace analamula kuti pa nthawi ya mliri aziperekedwa kamodzi. Koma katemera ali ngati ambulera: akuchinjiriza pa ulendo, sakonza denga. Mphamvu yace imatha pakapita nthawi, ndipo citsime cija cikhala cikali pomwepo.

Pakati pa 2013 ndi 2018, ndi thandizo la madola 355 miliyoni locokera ku America, mzinda unakonza ngalande yaikulu ya Bombay ndi ya Mazyopa, pamodzi ndi mipaipi ya madzi m'madera ena. Ku Kanyama, kuyambira mu 2013, bungwe la madzi la m'deralo linayamba nchito yopopa zimbudzi zodzala ndi kunyamula zonyansa m'migolo kupita nazo kumalo oyenera, m'malo mwa cizolowezi cakale cokumba dzenje pambali usiku ndi kukhuthuliramo. Anyamata amene agwira nchito imeneyi ambiri amawaseka. Ife tinena mosabisa kuti pa nkhondo ya kolera mmodzi wa iwo aposa galimoto zitatu za zokuzira mau. Bvuto ndi lakuti ngalande yaikulu siithandiza nyumba imene iribe kangalande kotengera madzi kukafika kumeneko, ndipo ngalande yodzala mapepala a pulasitiki ndi mabotolo iri cimodzimodzi ndi yosakumbidwa. Apa mlandu tigawana: Khonsolo imene siicotsa zinyalala pa nthawi yace, ndi ife eni amene timadikira mvula kuti itinyamulire zinyalala zathu.

Dziko lathu linalonjeza zazikulu pamaso pa maiko. Mu 2018 Zambia inatsogolera pempho la kuthetsa kolera pa msonkhano waukulu wa za umoyo ku Geneva, ndipo tinadziikira tokha caka ca 2025 kuti matendawa adzakhale atatha m'dziko muno. Mliri waukulu koposa yonse unatigwera caka cimeneco cisanakwane. Siticita manyazi kunena zimenezi pa tsamba lino, pakuti lonjezo limene silikumbutsidwa limafa. Zipangizo tiri nazo. Ofesi yoyang'anira za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene iri pansi pa Waciwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, inalandira lamulo lace mu 2010, limene linakhazikitsa makomiti kufikira ku maboma ndi ku midzi. Bungwe la Zambia National Public Health Institute liri ndi akatswiri olondola matenda. Sukulu yaikulu ya University of Zambia imaturutsa ofufuza caka ndi caka. Cosowa ndi cingwe comanga zimene adziwa awa ndi zimene acita awo.

Ndipo dzinja lija la 2024 linatiphunzitsanso kuti matsoka amayenda mogwirana manja. Kolera asanathe, pa 29 Febuluwale 2024, Mtsogoleri wa Dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, cimanga ca mahekitala pafupi-fupi 1 miliyoni citauma m'minda. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi anali kuzima maola ambiri, ndipo magetsi akazima makina opopa madzi aima. Wa ku Kabulonga ali ndi thanki pa denga ndi jenereta. Wa ku Chawama abwerera ku citsime cija. Cigumula ndi cilala ndi zinthu zosiyana monga usiku ndi usana, koma zonse ziwiri zigogoda pa khomo limodzi.

Kwa a Khonsolo ya Lusaka ndi makhansala a m'makomboni tinena ici. Mapu a malo oopsa alipo kale. Ndalama za citukuko ca m'madera a aphungu zinakwezedwa kwambiri kuyambira mu 2022, ndipo makomiti a m'mawadi ali ndi mau pa kagwiritsidwe kace. Pamene musankha nchito ya caka, ikani mapu a odwala pa tebulo. Tidziwa kuti ngalande ndi cimbudzi sizikoma kutsegulira ndi riboni monga holo kapena msika, ndipo palibe amene amabvina pa mwambo wopopa dzenje. Koma wadi imene inaika maliro 10 mu Januwale iribe cifukwa coyambira pena. Ndiponso eni nyumba za lendi amene amanga zipinda 12 pa poloti imodzi ndi cimbudzi cimodzi, kapena opanda n'cimodzi comwe, ayenera kuyenderedwa m'cilimwe ndi oyang'anira za ukhondo, osati kudikira kuti mwa alendi ao muturuke mtembo.

Kwa ophunzira athu tiri ndi dandaulo, ndipo tilinena mwaulemu. Amai a ku George ndi ku Kanyama akhala ali kulandira alendo a mapepala m'manja kwa zaka zambiri. Afunsidwa kumene atunga madzi, cimene anadya dzulo, ndi anthu angati alowa m'cimbudzi cao. Apereka madzi a m'ndowa zao kuti akayezedwe. Ayankha zonse moleza mtima, ena ali pa maliro. Pambuyo pace zopezekazo zisindikizidwa m'Cingerezi cobvuta, m'magazini a ku America ndi ku Ulaya amene ngakhale namwino wa pa kiliniki ya m'deralo sawaona. Wofufuza alandira digiri yace, ndipo mai uja sadziwa kufikira lero ngati madzi a m'citsime cace anapezeka ndi tizirombo kapena iai. Mlendo amene wadya nsima pakhomo amatsazika. Tipempha kuti makomiti amene amaloleza kufufuza pa anthu aike lamulo lakuti wofufuza aliyense abwerere kumene anafunsa mafunso, aitane anthu pa sukulu kapena pa chalichi, nawauze m'Cinyanja, m'Cibemba kapena m'Citonga zimene anapeza. Munthu akaona nyumba yace pa mapu, ndi madontho ofiira a odwala atazungulira citsime cimene amwa, safunanso msilikali womuuza kuti acileke. Ndipo akapita kwa khansala wace apita ndi umboni m'manja.

Nafenso a nchito yofalitsa nkhani sitiri oyera pa mlandu uwu. Galimoto zathu za zokuzira mau zimalowa m'makomboni matenda atabuka kale, ndi uthenga umodzi wokha wakuti sambani m'manja, wiritsani madzi, ngati kuti anthu sanamvepo. Kawiri-kawiri talankhula monga odzudzula, ndipo mwa kutero tathandiza kukulitsa manyazi omwe aja amene amacedwetsa odwala pa nyumba. Sitinawauze za mwala wa laimu umene uli pansi pa mapazi ao. Sitinawauze kuti kutentha kwa mu Okutobala ndi mvula yoyamba ndizo cizindikiro ca kuyamba kuthira klorini tsiku liri lonse, ngakhale pasanamveke wodwala. Sitinafunse a Khonsolo mu Juni kuti ngalande zingati zakumbidwa.

Tsamba lino liyamba kufunsa. Tipempha awerengi athu a ku Kanyama, Chawama, George, Misisi, Chipata, Matero ndi makomboni ena, ndiponso a m'matauni a ku zigawo kumene mabvutowa ali cimodzimodzi, kuti atilembere. Mutiuze dzina la dera lanu, mtunda wa kukafika pa mpopi, mtengo wa cigubu ca malita 20, maola amene madzi aturuka, ndi malo amene madzi a mvula amaima koposa sabata. Makalata amenewo tidzawasindikiza monga alili, ndipo tidzawatengera kwa a Khonsolo, kwa a kampani ya madzi ndi kwa a za umoyo a m'boma kuti ayankhe pa tsamba lomwe lino mvula isanagwe.